Kwa a Nduna ya Zaumoyo: ovulala mmutu akutithera ku magazi osaundana ndi impso, chitanipo kanthu

Olemekezeka a Nduna ya Zaumoyo, a Mlembi Wamkulu a undunawu, mabwana oyang'anira zaumoyo m'maboma onse, komanso inu aphungu a mu komiti ya zaumoyo ku Nyumba ya Malamulo,

Ine ndine namwino, zaka zanga zambiri zathera ku casualty ndi ku wodi ya abambo ovulala pa chipatala china cha paboma. Kalatayi ndaiika poyera dala kuti magadiyani ndi anyamata a kabaza nawonso awerenge, poti zomwe timakambirana m'mamitingi a m'mawa zimathera mchipinda momwemo. Pempho langa ndi limodzi basi: munthu akavulala mmutu tiziona ngati magazi ake akuundana komanso ngati impso zake zikugwira ntchito kuyambira ola loyamba, pa chipatala choyamba chomwe wafikira, osadikira kuti akafike kaye ku central. Zofunika pa ntchito imeneyi ndi zotchipa, zina zilipo kale m'zipatala zathu, chikusowa ndi lamulo lomveka lochokera kwa inu ndi kuonetsetsa kuti zisamathe.

Sindikunena kuti palibe chomwe chachitika ayi. LION, chipatala cha mafupa ndi maopaleshoni a ubongo, itatsegulidwa ku Lilongwe mu 2023 tonse tinasangalala poti madokotala a ubongo kuno ndi owerengeka, ndipo ku Queens nakonso alipo omwe akugwira ntchito usana ndi usiku. Koma mnyamata wa kabaza sagwera pa geti ya LION. Amagwera pa Jenda, pa Lizulu, pa Ulongwe, pa Nchalo, anthu achifundo amamugwira manja ndi miyendo nkumukweza kumbuyo kwa pikapu, afika pa health centre, kuchoka apo ku chipatala cha paboma, kenako kudikira ambulansi yomwe yapita kukatenga mayi woyembekezera kumudzi wakutali, ikabwera akuti tidikire mafuta, nde pomwe azikafika kwa dokotala wa ubongo dzuwa lalowa, pena mpaka kunja kwacha. Tangoganizani wochokera ku Chitipa kapena ku Nsanje. Lipoti la WHO la 2018 linati kuno kwathu anthu pafupifupi 31 pa 100,000 alionse amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse, ndipo nthawi imeneyo njinga zamoto zinali zisanadzaze m'matauni ndi m'midzi ngati lero. M'maola otayika amenewa ndi mmene magazi ndi impso zimaonongekera, moti dokotala kaya ndi katswiri bwanji, amalandira munthu woti kumutsegula mutu ku fiyeta nkoopsa chifukwa magazi sakuima.

Ndifotokoze kaye zomwe zimachitika mthupi, poti aphungu ena si a zachipatala. Mu ubongo muli chinthu china chochuluka kwambiri chomwe madokotala amati tissue factor, ntchito yake ndi kuyambitsa magazi kuundana pakakhala bala. Nde ubongo ukaphwanyika chinthuchi chimakhuthukira m'mitsempha chambirimbiri nthawi imodzi, magazi nkuyamba kuundana timibulu ting'onoting'ono thupi lonse, malo osafunikira nkomwe, ndipo pochita zimenezo amamaliza zipangizo zoundanitsira, ma platelet amatsika, fibrinogen imatha. Thupi poona timibulu tija limayamba kusungunula mwamphamvu, kusungunula ndi pomwe panafunika kutsekeka pomwe. Mapeto ake pa bala lenileni la mu ubongo magazi amangopitiriza kutuluka pang'onopang'ono, pomwe chigaza sichifutukuka, nde ubongo umapanikizika mpaka munthu kusiya kupuma. Ofufuza akunja ataphatikiza zotsatira za zipatala zambiri anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse ogonekedwa chifukwa chovulala mmutu amakhala ndi vuto limeneli, ndipo amenewo ndi omwe amamwalira kwambiri kuposa anzawo.

Ife pa wodi timaziona ndi maso. Pomwe tabaya kanyula pamangonyowa, thonje kusintha kusinthanso, bala la pamutu tasoka bwinobwino koma pilo akungofiira, nkhama kutuluka magazi. Munthu anabwera akuyankhula, madzulo wayamba kusanza, kenako tulo tosadzuka, ukaunika ndi tochi kamwana ka diso limodzi kakula sikakusuntha. Pa Glasgow Coma Scale, sikelo ija imayambira 3 kulekeza 15, anali pa 14, pano ali pa 8. Ndipo akamanunkha kachasu nde kumakhala kuchedwa kwina, aliyense amangoti waledzera uyu agone kaye tiona mawa, chonsecho mowa womwewo umafoola ma platelet ndipo womwa kwa zaka zambiri chiwindi chake sichipanganso bwino zoundanitsira magazi. Palinso agogo omwe amamwa aspirin tsiku ndi tsiku, ndi ena a matenda a mtima omwe ali pa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, amenewa kugwa pang'ono chabe kubafa magazi amatha kudzaza mmutu. Funso loti kodi mumamwa mankhwala anji kunyumba lizikhala pa fomu yolandirira wovulala aliyense, ndipo buku lake la kuchipatala lizitsegulidwa, osangolembamo tsiku.

Tsono pali mankhwala amodzi omwe ndikufuna muwamvetsetse, tranexamic acid, ife timangoti TXA. Ntchito yake ndi kuletsa thupi kusungunula magazi omwe aundana kale pa bala. Kafukufuku wa CRASH-3, yemwe anatsogolera ndi a London School of Hygiene and Tropical Medicine ndipo zotsatira zake zinatuluka mu The Lancet mu 2019, anaona odwala 12,737 m'maiko 29. Anapeza kuti kwa ovulala mmutu pang'ono kapena pakatikati, aja ali pa 9 mpaka 15, TXA akaperekedwa maola atatu asanathe imfa zimachepa, ndipo kufulumira kwake ndi komwe kumapulumutsa. Kwa omwe ubongo waonongekeratu sanathandize kwenikweni, izi ndinene poyera kuti wina asamve ngati ndi mankhwala odzutsa akufa. Koma wongovulala pakatikati uja ndi amene timamutaya mopweteka, poti anabwera akuyankhula. Kaperekedwe kake nkosavuta, 1 gramu mu mtsempha kwa mphindi 10, kenako 1 gramu ina mu dripi kwa maola 8. Safuna fuliji. Kafukufuku wina wa gulu lomwelo, CRASH-2 wa mu 2010, anaonetsa kale kuti amathandiza ovulala otaya magazi ambiri, komanso kuti akachedwa kupitirira maola atatu phindu palibe, amathanso kuononga.

Nde taonani, maola atatu amenewo kuno kwathu amathera pa health centre ndi pa msewu. Kusunga TXA ku central kokha ndi chimodzimodzi kusakhala naye. Ndipo si mankhwala achilendo ayi, mu 2017 WHO inalangiza kuti aziperekedwa kwa amayi otaya magazi atangobereka, azamba athu amawadziwa bwino. Ine ndaonapo usiku TXA ali mu kabati ya ku labour ward koma ku casualty kulibe, kiyi ali ndi mzamba yemwe ali pakati pobereketsa, wovulala akudikira. Chonde lamulani kuti TXA azipezeka pa tebulo la casualty iliyonse, pa health centre iliyonse ya m'mbali mwa misewu ikuluikulu, ndi m'ma ambulansi aja a ngozi a pa M1, ndipo medical assistant kapena namwino aziloledwa kubaya yekha potsata ndondomeko yolembedwa, osadikira siginecha ya munthu yemwe foni yake sikupezeka.

China chomwe chimandiwawa mtima ndi kuzizira. Magazi saundana bwino thupi likatsika pansi pa madigiri 35. Mu June ndi July ku Dedza, ku Ntcheu kapena ku Mzimba, munthu wanyowa ndi magazi ake omwe, wayenda pa pikapu mphepo ikumuomba, tafika tamudula zovala ndi sizasi kuti tione mabala, tamugoneka pa tirole yachitsulo, kenako tikumuthira madripi ozizira, ukamugwira mwendo ngozizira zii. Gadiyani amavula chitenje chake nkumufunditsa. Mabulangete, Anduna, mabulangete ndi ka themometa kogwira ntchito, komanso kabati yofunditsira madripi. Izi sizifuna ngongole ya kunja.

Pa madripi pomwepo pali nkhani ya BP. Kafukufuku wakale wa ku America anaonetsa kuti wovulala kwambiri mmutu BP ya pamwamba ikangotsika pansi pa 90 ngakhale kamodzi kokha, chiopsezo chomwalira chimawirikiza kawiri, ndipo malangizo a masiku ano amati tiziisunga pa 100 kapena 110 kupita mmwamba. Koma kukweza BP ndi normal saline, dripi ya madzi a mchere ija, yekhayekha malita ndi malita kumasungunula magazi otsala aja nkukhala amadzimadzi, kuundana nkuvutiratu. Wotaya magazi amafunika magazi. Ndipo dextrose 5%, dripi ya madzi a shuga, kwa wovulala mmutu amatupitsa ubongo, koma shelefu ikakhala ndi iyeyo yekha wogwira ntchito usiku atani?

Ndikuuzeni za mnyamata mmodzi. Anali wa kabaza, wosakwana zaka 25, anawombana ndi minibasi madzulo. Anafika kwathu akuyankhula, funso lake linali limodzi, njinga ili kuti, poti sinali yake, mwini wake amafuna ndalama ya tsiku. Mutu unali wotupa mbali imodzi, mwendo wothyoka fupa kuonekera, ntchafu yonse yophwanyika poti anakhalitsa atapanikizidwa pansi pa galimoto. Komwe anayambira anamubaya diclofenac chifukwa cha ululu, ndi gentamicin chifukwa cha bala la mwendo, sindikuwadzudzula, ndi zomwe anali nazo. Usiku anayamba kuzimirira. Titamuika paipi ya mkodzo munatuluka pang'ono chabe, wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo thumba lija linakhala choncho osaonjezekera. Tinatumiza magazi ku labu kuti ayeze creatinine, yemwe amakwera impso zikamalephera, yankho linabwera pa kapepala komweko, reagent, mankhwala oyezera aja, yatha. INR, muyeso wa mmene magazi akuundanira, nde sitinafunse nkomwe poti makina ake kunalibe. Anatumizidwa ku chipatala chachikulu mmawa wake, anamuchita opaleshoni, magazi a mmutu anachotsa, anatsegula maso, anawazindikira mayi ake. Patapita masiku mayi aja anabwera pa wodi pathu kudzatenga beseni ndi mbale zomwe anasiya pothamanga. Anandigwira dzanja nkuti, "A nesi, kujatu anatiuza kuti mutu wayenda bwino, nanga za impsozi zachokeranso kuti? Mwana wanga sanadwalepo impso." Anali atamuika m'manda kale. Mayi amenewa anafunsa funso loyenera, ndipo oyenera kuyankha ndi ife tonse, kuyambira ine pa wodi mpaka inu ku Capital Hill.

Za impso zimachokera apa. Impso zimalandira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a magazi onse omwe mtima ukupopa, nde munthu akataya magazi BP nkutsika, thupi limatseka njira za ku impso kuti lipulumutse ubongo ndi mtima, impso nkukhala pa njala maola ambiri. Timibulu ta magazi tija nato timakatseka timitsempha ta mu impso. Minofu yophwanyika imatulutsa myoglobin yemwe amakatsekereza timachubu tosefera, ndi uja amadetsa mkodzo. Pamwamba pa zonsezi timabwera ife ndi mankhwala. Diclofenac ndi brufen amachepetsa magazi opita ku impso komanso amafoola ma platelet, kutanthauza kuti jakisoni mmodzi yemweyo akuononga mbali ziwiri zonse. Gentamicin ndi wodziwika kuti amapweteka impso. Mannitol, yemwe timapereka kuti ubongo uphwe, amakodzetsa kwambiri, akaperekedwa mobwerezabwereza kwa munthu wouma kale madzi, BP yotsika, popanda woyeza, amamaliza impso. Mankhwala aja amathira mu mtsempha pojambula sikani zina nawonso amaonjezera. Ku Europe, m'ma ICU okhala ndi chilichonse, pafupifupi mmodzi mwa khumi ovulala mmutu impso zake zimavulala. Nanga kuno, komwe ambiri amafika mochedwa, ena ali ndi shuga kapena BP yosadziwika, ena ali pa ma ARV okhala ndi tenofovir yemwe amafuna impso ziziyang'aniridwa, ena malungo ali mthupi?

Ndipo impso zikaima zimabwezera ku mutu komweko. Madzi amadzadza mthupi ubongo nkutupa kwambiri, urea akakwera ma platelet amalephera kugwira ntchito magazi nkuyambiranso kutuluka, potaziyamu akakwera mtima umangoima mwadzidzidzi, munthu yemwe dzulo amamwa phala.

Chomvetsa chisoni nchoti kuzindikira msanga sikufuna makina odula. Malangizo a KDIGO omwe dziko lonse limatsata amati impso zavulala ngati mkodzo ukuchepera 0.5 ml pa kilogalamu iliyonse pa ola kwa maola 6, kapena creatinine akakwera ndi 0.3 mg/dl m'maola 48. Kwa bambo wa makilogalamu 60 ndi 30 ml pa ola, masupuni awiri akuluakulu. Chofunika ndi katheta, thumba la mkodzo lokhala ndi manambala, tchati, ndi munthu woti aziyang'ana ola ndi ola nkulemba. Apa mpamene pamavuta, namwino mmodzi usiku wodi yodzaza mpaka ena pansi, thumba amakhuthula ndi gadiyani mu chibekete kuti athandize, mmawa pa raundi adokotala akafunsa kuti wakodza bwanji yankho ndi loti wakodzako. Ife tinayamba kuwaphunzitsa magadiyani kuti asanakhuthule aziwerenga nambala ya pathumba nkutiuza, ndipo amachita bwino zedi, mayi woti sukulu analekeza sitandade 4 amakuuza molondola mpaka mtundu wake. Koma izi zisamadalire kuti pa shifiti pali ndani. Lembani anamwino omwe anamaliza maphunziro ali pakhomo, ndipo chipatala chilichonse cha paboma chikhale ndi mabedi angapo a HDU, chipinda cha odwala kwambiri, komwe wovulala mmutu aziyang'aniridwa pafupipafupi masiku atatu oyamba.

Ku labu ndikupempha zinthu zochepa: creatinine, urea, sodiyamu ndi potaziyamu, full blood count yoonetsa ma platelet, ndi INR. Izi ziziyezedwa pofika komanso tsiku lililonse kwa masiku oyambawo. Kuli timakina ta mmanja toyezera creatinine ndi INR pa dontho la magazi, ngati mmene timayezera shuga, toti ngakhale magetsi athime timagwira. A Central Medical Stores Trust apatsidwe ndalama ndi lamulo loti ma reagent amenewa akhale m'gulu la zinthu zosayenera kutha, chifukwa makina a mamiliyoni opanda reagent ndi tebulo chabe. Podikira zimenezo, pali njira ija timayezera olumidwa ndi njoka, kuika 2 ml ya magazi mu kabotolo kagalasi koyera kouma nkudikira mphindi 20, ukapendeketsa ali amadzimadzi ndiye kuti zinthu zaipa. Ndi njira yosakwanira, imagwira vuto zitafika kale posauzana, koma pa health centre yopanda labu ikhoza kumuuza medical assistant kuti uyu asagone pano, ndipo ku central akonzeretu plasma, madzi a m'magazi omwe muli zoundanitsira.

Tulutsaninso chikalata chimodzi, tsamba limodzi lokha, chomatidwa pa khoma la casualty iliyonse: wovulala mmutu asapatsidwe diclofenac, brufen kapena aspirin, apatsidwe panado ndipo ululu ukakula morphine woyang'aniridwa bwino. Gentamicin apewedwe ngati pali mankhwala ena monga ceftriaxone. Mannitol aperekedwe pokhapokha pali zizindikiro zoti ubongo wapanikizika ndipo BP ili bwino, osati aliyense wotupa mutu. Dexamethasone ndi anzake asiyidwe, kafukufuku woyamba wa CRASH anaonetsa kale mu 2004 kuti ma steroid amachulukitsa imfa kwa ovulala mmutu, koma mpaka lero amapezekabe atalembedwa m'mafayilo. Koma chikalata chokha popanda panado wa mu dripi ndi ceftriaxone pa shelefu sichithandiza, wogwira ntchito adzabwerera ku zomwe zilipo poti sangangoyang'ana munthu akubuula. Achibale nawonso timawauza, mabotolo a mankhwala azitsamba obisa mu chitenje aja, munthu impso zikuvutika kale, chonde ayi.

Nkhani ya magazi. A Malawi Blood Transfusion Service (MBTS) chiyambireni mu 2003 agwira ntchito yaikulu, ndipo amatha kupatula magazi kukhala maselo ofiira, plasma ndi ma platelet. Koma tonse tikudziwa kuti magazi ambiri amachokera kwa ana asukulu, nde sukulu zikatsekera mu December magazi amasowa, nthawi yomweyo ya Khirisimasi ndi nyuwere pomwe ngozi zimachuluka. Komanso wovulala yemwe magazi sakuundana ukamupatsa maselo ofiira okha wamubwezera mtundu chabe, zoundanitsira zili mu plasma ndi ma platelet. Ma platelet amakhala masiku asanu okha basi, amenewo ndikumvetsa kuti ku maboma nkovuta. Koma plasma youmitsidwa imakhala chaka chathunthu mu firiza yabwino. Bwanji zipatala za m'maboma a pa M1 ndi a m'mbali mwa nyanja osazipatsa firiza ya sola ndi mapaketi angapo a plasma, ndi maphunziro a kasungunulidwe kake? Ndipo a MBTS apatsidwe mafuta ndi galimoto zokwanira kuti azifika ku mipingo, ku mizikiti, ku makampani ndi m'masiteji a kabaza momwe, anyamata amenewa mukawafotokozera kuti magaziwa adzapulumutsa mnzawo sangakane.

Wina anena kuti impso zikafa pali dialysis, kutsuka magazi ndi makina. Kwa zaka zambiri dialysis ya boma yakhala ili ku Kamuzu Central ndi ku Queens, makina ake ndi ochepa ndipo ali kale ndi mzere wa anthu a matenda a impso okhalitsa. Komanso kwa munthu wotupa ubongo dialysis yanthawi zonse ija ili ndi chiopsezo chake, imatsuka magazi mothamanga madzi nkulowa mu ubongo kutupa nkuonjezekera, ndipo heparin yemwe amathira kuti magazi asaundane m'mapaipi ndi woopsa kwa yemwe akutuluka magazi mmutu. Pamafunika ya pang'onopang'ono kapena ya pamimba ija, ndi anthu oidziwa. Nchifukwa chake ndikulimbikira za kupewa. Ubwino wake impso zovulala mwadzidzidzi zimatha kuchira ndithu zikapezedwa msanga, kumupatsa madzi oyenera, kusiya mankhwala oononga, kusunga BP. Bungwe la International Society of Nephrology linali ndi cholinga chotchedwa 0by25, choti pofika 2025 pasakhale womwalira ndi vuto la impso ladzidzidzi loti likanapeweka. Ife pa wodi tikuwatayabe.

Wopulumuka naye tisamutaye. Pakapita masiku magazi aja amatembenuka nkuyamba kuundana mopitirira, munthu wagona osasuntha, mwendo umodzi watupa, tsiku lina chibulu chathothoka chapita ku mapapo, wapita, achibale akukonzekera zotuluka. Mankhwala opewera alipo koma kuyamba kwake kumafuna sikani yachiwiri yotsimikiza kuti mmutu magazi aima, nde makina a CT ojambulira sikaniyo akaonongeka miyezi osakonzedwa madokotala amangoyenda mu mdima. Ikani ndalama ya sevisi mu mgwirizano wogulira makinawo. Ma physiotherapist azifika m'mawodi a m'maboma kudzayendetsa miyendo. Ndipo potuluka mu buku lake muzilembedwa ndi zilembo zazikulu kuti impso zinavulala, abwere pakatha miyezi itatu adzayezedwe creatinine ndi BP, asamagule brufen pa golosale. Panopa timangolemba tsiku lochotsa ulusi.

Za mahelemeti sinditaya nthawi, mukuzidziwa, kambiranani ndi a Road Traffic ndi apolisi kuti wokwera kumbuyo nayenso azivala, helemeti yeniyeni yomanga lamba, osati chipewa cha pa konsitirakishoni, ndipo msonkho wake utsike kuti mnyamata wa kabaza akwanitse kugula ziwiri.

Kwa inu aphungu, mu 2001 ku Abuja maiko a mu Africa analonjeza kuika 15% ya bajeti ku zaumoyo. Pokambirana bajeti ikubwerayi funsani mzere weniweni wa chithandizo cha ovulala mwadzidzidzi, ndipo funsani unduna ukuuzeni zipatala za m'maboma zingati zomwe lero lino zingayeze creatinine ndi INR usiku. A yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS ali ndi akatswiri oti angathandize kulemba ndondomekoyi ndi kusonkhanitsa ziwerengero zathuzathu, kaundula wa ovulala azilemba nthawi yomwe ngozi inachitika, nthawi yomwe TXA anaperekedwa, mkodzo wa tsiku loyamba ndi creatinine, kuti tisamangodalira manambala a ku Europe.

Anduna, ndikupempha kuti chikalata cha tsamba limodzi chija, TXA, makatheta, matumba a mkodzo ndi mabulangete zifike m'ma casualty onse December asanafike. Zinazo zitenga nthawi ndikudziwa, koma tiuzeni poyera kuti ziyamba liti ndipo woyang'anira ndi ofesi iti. Mukafuna anthu okakhala nawo polemba ndondomekoyi itananiko anamwino ndi ma clinical officer a m'maboma, tibwera.

Ine wanu pa ntchito,
Namwino wa ku wodi ya ovulala